ANambewe ndi Tepi ya m'Tsimba

Uthenga wa imfa ya aNambewe unandipeza pa Thika Road, pamalo paja pamene magalimoto amaima mpaka dalaiva kuyamba kudziwana ndi wogulitsa nthochi. Unabwera pa gulu la pafoni la Amalawi okhala ku Nairobi, pakati pa chilengezo cha kwaya ndi pempho la mayi wina amene ankafuna munthu wochokera kumudzi woti amutengereko usipa. Pansi pake anthu anayamba kundandalika kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Ambiri mwa iwo ankawadziwa ngati mayi wachikulire wa kutchalitchi, uja woitanira pambali owerenga mawu n'kuwauza pamene alumpha mpumiro. Ine ndinkawadziwa ngati munthu wa mabuku. Thupi lawo linapita kwawo ku Dedza, ndipo ndaona kuti ndilembe izi kuti mbali imeneyi isatsagane nalo.

Ine ndine dalaiva wa bungwe lina la mpingo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo zotsalazo ndakhala ndikutola m'mabuku a eni, ngati nkhuku yonenepera pakhomo pa anansi. Udalaiva uli ndi mphatso imodzi yokha, kudikira. Tsiku lina abwana ali pa msonkhano pa yunivesite ina kufupi ndi Kahawa, ndinalowa mu laibulale pothawa mvula, n'kumangokwera masitepe ndi nkhope ya munthu amene watumidwa. Kumwamba ndinapeza chipinda chachitali, ndipo pa shelefu ina panali polembedwa Malawi.

"Abale inu," ndinalankhula ndekha, "tafika mpaka kuno?"

"Tinafika kalekale, achimwene," anayankha mawu kumbuyo kwanga. "Mwachedwa ndinu."

Anali mayi wamfupi, wa magalasi a chingwe m'khosi, wovala juzi ngakhale kunja kukuwotcha. Nsapato zawo sizinkamveka, moti ophunzira ankati Mama Mbewe sayenda, amangopezeka. Anandipezera khadi la owerenga ochokera kunja, ndipo nditabweza buku loyamba n'kunena kuti wolembayo walakwitsa za ukwati wa kwathu, anandipatsa dzina loti a Pulofesa. Ndinkadziwa kuti akundiseka, koma palibenso wina anandipatsapo digiri, choncho ndinailandira ndi manja awiri.

Chipinda chimenecho ndicho chinkasunga mabuku onena za mitundu ya anthu ndi za amayi ndi abambo, zimene masiku ano timangoti jenda. Mbiri yake sinalembedwe paliponse. Inali m'mutu mwa aNambewe, ndipo inkatuluka pang'onopang'ono, akamapukuta fumbi kapena akamamata buku long'ambika.

Anabwera ku Nairobi m'nthawi ya chipani chimodzi, potsatira amuna awo, mphunzitsi amene anafunsa funso pamalo posafunsirapo. Ntchito yawo yoyamba mu laibulale inali kutayipa makhadi. Ankanena kuti nthawi imeneyo mabuku onena za Akikuyu, Aluo, Achewa ndi ena tonse ankakhala m'chipinda cha pansi, m'makabati okiya, ndipo manambala amene azungu anasiya ankawaika moyandikana ndi mabuku a zinyama. Munthu wofuna kuwerenga za agogo ake ankadutsa kaye pa mbalame ndi njoka. Izi ankazinena osakweza mawu, ngati munthu wonena mtengo wa sukuma, ndiwo zamasamba za kuno. Anayamba kuwasamutsa mabukuwo pang'onopang'ono, kusintha nambala, kukwera nawo masitepe atawakumbatira pachifuwa, ndipo pamene akuluakulu ankazindikira n'kuti zinthu zitazolowereka kale.

Za amayi kunalibe n'komwe malo. Mkazi ankapezeka pa zophikaphika, pa unamwino ndi pa kubereka, basi. ANambewe anayamba kutola okha: timapepala ta magulu a amayi a m'misika, malipoti a misonkhano amene anthu ankawasiya pa mipando, zolemba za ophunzira zimene aphunzitsi ankafuna kutaya. Loweruka ankakwera matatu, maminibasi a kuno, kupita m'tauni kukawerama pa mabuku oyalidwa m'mbali mwa msewu, anthu akuwagunda uku ndi uku. Kenako mawu oti jenda anafika ndi mabungwe akunja, limodzi ndi mashelefu atsopano ndi chikwangwani. Anthu omwe aja ankati mayiyu akudzaza laibulale ndi zinyalala anayamba kubwera ndi alendo kudzaonetsa zinyalalazo. Iwo ankangowapatsa mipando.

Mkangano wawo wotchuka unabuka pamene madipatimenti awiri anafuna kugawana chipindacho, za mitundu zipite kwina, za jenda kwina. ANambewe anapita ku msonkhano ndi buku lonena za chikamwini, mwambo wa kwathu woti mwamuna akakhale kwawo kwa mkazi, n'kuliika patebulo, n'kupempha kuti awauze mbali imene lipite. Ankati sanaonepo mkazi wopanda mtundu, kapena mtundu wopanda akazi. Anapambana theka: chipinda chinakhala chimodzi, koma pachitseko anakhomapo zikwangwani ziwiri, ndipo mpaka kupuma kwawo pantchito ankakana kupukuta chachiwiricho.

Sanali munthu wofewa. Wophunzira wobwezera yekha buku pa shelefu ankamva mawu, chifukwa kwa iwo buku loikidwa polakwika linali lotayika kuposa lobedwa, poti lobedwa pali wina amene akuliwerenga. Azibambo a kutchalitchi kwathu akawaona akubwera ankanong'onezana kuti amayi a jenda afika, tiyeni tinyamule ana. Iwo ankawapatsa moni waulemu wonse, mwadzuka bwanji bambo, n'kuwonjezera kuti mwanayo mwamugwira chozondoka. Koma lamulo lawo lalikulu, limene ankaphunzitsa aliyense wolowa ntchito, linali loti woyang'anira mabuku si mlonda. Buku silikanizidwa. Ngakhale m'zaka zimene mabuku ena ankachititsa anthu mantha kuno ku Kenya, iwo ankalipereka kwa wolifuna, osafunsa kuti akufuna akatani nalo.

N'chifukwa chake nkhani ya tepi ija inawavuta chotero.

Inabwera m'katoni kuchokera ku Karen, dera lina la muno mu Nairobi. Kumeneko kunamwalira mayi wina wachizungu, mkazi wamasiye wa munthu wofufuza miyambo amene anayendayenda m'chigawo chapakati cha Malawi tisanalandire ufulu, akujambula nyimbo. Achibale anapereka matepi onse ku laibulale, ndipo poti Chichewa ankachimva ndi aNambewe okha, ntchito yomvetsera inagwera iwo. Ambiri anali a nyimbo za pabwalo ndi za pamtondo. Ina inawaseketsa mpaka kuvula magalasi: amayi akuimba mwaulemu wonse za mawondo ofiira a mzungu wovala kabudula, amene waima potero ndi makina ake. Pa khadi anangolemba kuti nyimbo yonena za wojambula.

Koma tepi imodzi inali ina. Imeneyo anaijambula ndi mkaziyo, amene analoledwa kulowa m'tsimba, nyumba imene atsikana amabindikiramo pa chinamwali, chifukwa anali mkazi mnzawo. Koyambirira kwake kumamveka namkungwi, mayi wamkulu wolangiza anamwali, akunena momveka kuti izi ndi za makutu a akazi, ndipo mzunguyo akuvomera m'Chinyanja chake chopunduka. Izi ndinachita kuuzidwa ndi aNambewe. Iwo analowamo m'tsimba ali mtsikana, m'mudzi woyandikana ndi umene anajambulamo tepiyo, asanabatizidwe. Nyimbo iliyonse ya m'tepimo ankaidziwa ndi thupi lawo.

Anailemba m'kaundula wa mabuku moona mtima, monga china chilichonse. Kwa zaka zambiri panalibe vuto, poti ofuna Chichewa ku Nairobi sachita kupanga mzere. Vuto linafika pamene yunivesite inaganiza zoika zonse za m'chipindacho pa intaneti, kuti aliyense padziko azimva ndi kuwerenga. Mkulu wa laibulale nthawi imeneyo anali Dokotala Wairimu, mayi wa kuno amene aNambewe anamudziwa ali wophunzira woonda wobisa mandazi m'chikwama. Anakangana m'chipinda momwemo, masana, ine ndili pakona nditabisala kuseri kwa buku lalikulu la mapu. Ankalankhula Chingerezi, koma ndikuika m'chathu.

"Mama, munandiphunzitsa ndinu kuti buku silikanizidwa."

"Ndinakuphunzitsa, ndipo unamva bwino."

"Nanga iyi? Mwandimasulira nokha. Akumuuza mwana wamng'ono kuti mwamuna akakumenya usakanene kwa anthu. Chinsinsi chimenechi chikuteteza ndani? Chipinda chino tinachimangira kuti zotere zituluke poyera."

"Ndinalipo, mwanawe. Anandiuza ineyo zimenezo, ndipo ndinadana nazo ndisanadziwe n'komwe kuti kuli mawu oti jenda. Koma mulinso zina m'menemo zimene zinandisunga pamene kunalibe dokotala. Ndipo anthu aja analonjezedwa."

"Analonjeza ndi mzungu, ndipo anafa."

"Anafa, ife n'kulandira katoni yake. Ukalandira mbuzi walandira ndi chingwe chomwe."

"Ndiye tiibise?"

"Ayi. Tikafunse eni. Sanathe onse."

Wairimu anati laibulale siyendetsedwa ndi midzi. ANambewe anati n'zoona, koma ndiye nthawi yonseyi yakhala ikudya za m'midzi. Anasiyana osatsanzikana, ndipo ine ndinapeza kuti ndakhala ndikuyang'ana mapu a dziko la Peru kwa nthawi yaitali kuposa mmene munthu wa ku Ntcheu amafunikira.

ANambewe anatenga tchuthi chawo, n'kupita ku Dedza ndi kope la tepiyo ndi kawailesi. Anasonkhanitsa amayi a m'mudzi umene unatchulidwa pa katoni, anatseka chitseko, n'kuwayatsira tepiyo. Atabwerako anandiuza zochepa. Anati ena analira atamva mawu a agogo awo, ena anaseka, ndipo kenako anakangana koopsa, achitsikana ndi achikulire, za malangizo omwe aja amene Wairimu ankadandaula nawo. Anati mkangano umenewo unali wabwino kuposa misonkhano yambiri imene anakhalapo m'mahotela. Koma pa funso lenilenilo anagwirizana: mkazi aliyense, wa mtundu uliwonse, amve, ndipo akafuna kutsutsa atsutse. Mwamuna ayi. Ndipo isalowe m'mafoni.

Yankho limeneli linafika ku Nairobi n'kugunda khoma. A zamalamulo a yunivesite anati laibulale singakanize munthu chinthu chifukwa choti ndi mwamuna. Wairimu akuti anaseka mowawa, n'kunena kuti zaka zonsezi akhala akumenyera kuti munthu asatsekeredwe chitseko chifukwa cha chibadwa chake, lero chipinda cha jenda chiyambe icho? ANambewe sanatsutse. Ankadziwa kuti lamulo limenelo ndi lomwe linawalowetsa iwo m'zipinda zambiri.

Chimene anagwirizana sichinakondweretse aliyense mwa awiriwo. Tepi sidzapita pa intaneti. Aliyense, mwamuna kapena mkazi, angathe kuimvetsera m'chipinda momwemo. Koma asanayambe, woyang'anira azimuuza pamaso zimene eni ake ananena. Wairimu anayamba kutumiza ophunzira ake aakazi, ndipo ena analemba zodzudzula mwambowo mosanyengerera. ANambewe ankakhala nawo pambali n'kumamasulira mzere ndi mzere, osafewetsa ngakhale pamene pankawachititsa manyazi.

Tsopano ndinene za ine, mwachidule. Munthu amene anaphunzira yekha amakhala ndi njala yopanda mwambo. Ndawerengapo buku la matenda a ng'ombe ndilibe ngakhale mbuzi. Kudziwa kuti m'chipinda momwe ndimakhalamo muli chinthu cha m'chinenero changa chimene sindinachimve kunkandiyabwa ngati chitedze. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Amayi, tepi ija. Lamulo likuti aliyense, eti?"

"Likutero, a Pulofesa."

Sanasinthe nkhope. Anatulutsa makina, anaikamo tepi, analumikiza zomvetsera za m'makutu, n'kupukuta mpando ndi kansalu. Kenako anaima patsogolo panga, manja ali pamimba, n'kulankhula monga mmene munthu amaperekera uthenga wa maliro, mawu a eni osawonjezera ake.

"Sindikukanizani. Amayi a m'mudzi umene munachokera mawu awa andituma kuti ndikuuzeni kuti izi ndi za akazi, ndipo akupempha kuti mwamuna asamve. Ndanena. Batani lake ndi ili."

Anabwerera pa desiki yawo n'kuyamba kudinda mabuku, osandiyang'ananso. Ndinavala zomvetsera zija. Zinali zofunda, ndipo m'kati mwake munali zii. Ndinaika chala pa batani. Ndinaganiza za mayi anga, ndi alongo anga amene anatuluka m'tsimba atametedwa, akuyang'ana pansi, ife anyamata tikuwazungulira ndi mafunso, iwo osayankha mpaka lero. Ndinaona kuti ndikadina ndiye kuti ndawabera yankho limene anandimana okha. Ndinavula.

"Mwamaliza kale?"

"Chichewa chake n'chakuya, Amayi."

"Chimavutadi," anatero, n'kudinda buku lina.

Sanandiyamikire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndipo si amuna onse anavula. Ndinaonapo mmodzi, wofufuza wochokera kutali wodziwa bwino chinenero chathu, amene anamva uthengawo, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kumvetsera tepi yonse akulemba. ANambewe anamutsegulira zenera kuti apeze mpweya, anamubweretsera pensulo ina yake itathyoka, ndipo pochoka anamuuza kuti ayende bwino. Atapita anaibwezera tepiyo poyambira, n'kuiika m'malo mwake. Nditawafunsa ngati zawapweteka, anati iwo anatumidwa kunena, sanatumidwe kugwira anthu manja.

Atapuma pantchito anapitiriza kubwera masiku ena pa mlungu, osalipidwa, kuchokera ku kanyumba kawo ku Kahawa. Ankati akubwera kudzamata mabuku. Tonse tinkadziwa kuti wopempha tepi ankauzidwa kuti abwere tsiku limene Mama Mbewe aliko. Pamene makina akale anayamba kutafuna matepi, mawuwo anawasamutsira mu kompyuta imodzi ya pakona, yosalumikizidwa kulikonse, ndipo iwo anaimirira pomwepo mpaka ntchitoyo itatha. Miyendo itayamba kukana masitepe, Wairimu ankatsika yekha kukawagwira mkono. Ankakwera akukangana, za atsikana, za mipingo, za mtengo wa unga, ndipo sindinamvepo mmodzi akuti mnzake wanena zoona.

Ndinapitako mlungu wathawu, koyamba chichitikire maliro. Desiki yawo anaichotsa. Pamalopo aikapo tebulo lalitali la mabowo a magetsi, ndipo ophunzira anali atazungulira ndi malaputopu awo ngati ana a nkhumba pa mawere. Pansi pakuonekabe pamene panali miyendo ya desiki, timabwalo toyera pa simenti yakuda. Mashelefu ali mmene anali, koma ndinapeza buku la Asena litalowa pakati pa Asomali, ndipo ndinalisiya, poti si ine wolembedwa ntchito.

Kompyuta ya pakona ija inali yofundikidwa ndi nsalu, mpando wake ataulowetsa pansi pa tebulo. Pa nsalupo anamatapo pepala lolembedwa pamanja m'Chiswahili kuti haifanyi kazi, kutanthauza kuti siikugwira ntchito. Ndikuwerenga pepalalo, Wairimu anatulukira, tsitsi lake nalonso litayamba imvi. Anandipepesa maliro ngati ndine wachibale, inenso ndinamupepesa chimodzimodzi.

"Yawonongeka liti?" ndinafunsa.

Anayang'ana ophunzira aja, n'kutsitsa mawu. "Ikugwira."

"Nanga pepalali?"

"Ndalemba ndine. Tilibe woti anene mawu aja."

"Bwanji osangowalemba, munthu aziwerenga yekha?"

"Ndinayesa. Palibe amene amachita manyazi ndi pepala." Anakonza ngodya ya nsalu imene inapindika. "Ngati mukudziwa mayi wa kwanu amene analowamo m'nyumba muja, woti angamabwere ngakhale kamodzi pa mwezi, mundiuze. Koma afulumire. Ine kunama sindikutha bwino, ndipo a zamalamulo amakwera masitepe."

Anabwerera ku ofesi yake. Ndinakhala pang'ono pa mpando wa pafupi ndi zenera. Kunja matatu ankaitanira anthu opita m'tauni, ndipo m'chipindamo munkangomveka zala pa malaputopu. Pakona paja palibe amene ankayang'anako. Panali tebulo, mpando ndi nsalu, ndipo pansi pa nsaluyo amayi a ku Dedza anali chete, akudikira munthu woti awalankhulire pakhomo.